Ndinalemba kuti ndinabadwira kutsidya

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni nonse amene pepalali lifike m'manja mwanu. Dzina langa ndine Welosi, wa ku Muloza kuno ku Mulanje. Abusa anandipempha kuti ndiimirire pamaso pa mpingo ndinene zimene Mulungu anandichitira, koma amene mumandidziwa mukudziwa kuti ndikaima pagulu mawu amandithawa. Choncho ndinapempha kuti andilole kulemba. Vuto langa silinali matenda kapena njala. Ndinatsala pang'ono kutaya malo anga kusukulu ya zamalamulo ndi kuwerengedwa mlendo m'dziko limene ndinakuliramo, chifukwa cha mzere umodzi umene ndinalemba ndi dzanja langa. Ndinene poyambirira kuti sindikudandaula za boma kapena za wantchito wake aliyense. Onse anagwira ntchito yawo monga lamulo likunenera. Mayina ena ndawasiya dala, ndipo mundikhululukire.

Ndinakulira m'komboni ya esiteti ya tiyi. Bambo anga a Petulo ankagwira ntchito kufakitale youmitsa masamba, ndipo anamwalira ndili Sitandade 6. Amayi amathyola tiyi mpaka lero. Kwawo kwa amayi ndi kutsidya kwa mtsinje wa m'malire, kupitirira Milange pang'ono, ulendo woti munthu akanyamuka m'mawa amakafika dzuwa lisanafike pamutu. Mwambo wathu mukuudziwa: mkazi akakhala ndi pakati poyamba amapita kukachirira kwa mayi ake. Amayi anachita zomwezo. Ine ndinabadwira kumeneko, ndipo patatha mwezi anandibereka kumbuyo n'kuwoloka nane kubwerera kukomboni. Palibe amene ankaona ngati wapita kudziko lina. Anthu ankawoloka popita kumaliro, kuchinamwali, ngakhale kukapempha mbewu ya chinangwa.

Chinanso n'chakuti kwathu mwana ndi wa kuchikazi. Kuyambira ndili wamng'ono, munthu akandifunsa kwathu ndinkatchula mudzi wa amayi, chifukwa ndi zimene anandiphunzitsa. Abale a bambo anali ku Chinakanaka, koma ndinawaona kamodzi kokha, pa maliro a bambowo.

Sukulu ndinayambira m'kalasi lofolera ndi udzu, lokhalira pa njerwa. Sitandade 8 ndinalemba kawiri, kenako ndinasankhidwa kupita kusekondale yogonera komweko. Zaka zonsezo mafomu anga ankalemba ndi ahedi. Pa malo obadwira ankangoika Mulanje osandifunsa, ine n'kusaina pansi. Mulungu atandichitira chifundo ndinasankhidwa kupita kukoleji ku Zomba. Kumeneko munthu salowa maphunziro a zamalamulo tsiku lomwe wafika. Amayamba waphunzira zina chaka chimodzi, kenako amalemba mayeso apadera ndi kukafunsidwa mafunso pamaso pa aphunzitsi. Mphunzitsi wina anandiuza kuti ndiyesere. Anati ndimawerenga pang'onopang'ono ngati munthu wosankha miyala mu mpunga, ndipo malamulo amafuna anthu otere. Sindinafune kuwakhumudwitsa, choncho ndinayesera. Dzina langa linatuluka pakati pa ochepa amene anatengedwa.

Tisanatsekere anatipatsa fomu yaitali. Iyi inali fomu yoyamba m'moyo wanga kudzilembera ndekha. Pansi pake panali chenjezo lakuti wolemba zabodza adzachotsedwa sukulu ndipo akhoza kuimbidwa mlandu. Ndinawerenga chenjezolo kawiri. Pa malo obadwira ndinalemba Milange. Pa mudzi wakwanu ndinalemba mudzi wa amayi. Ndinapereka fomuyo mtima uli mbee, ndikudziona ngati Mkhristu wabwino amene sananame ngakhale pa kanthu kakang'ono.

Kalata inandipeza patchuthi. Inadzera kuofesi ya esiteti monga makalata onse a m'komboni, ndipo kalaliki anaitembenuza kangapo asanandipatse, chifukwa inali ndi chidindo cha boma. Inanena kuti malo anga aimitsidwa kufikira nditabweretsa umboni, wochokera kuofesi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko, wakuti ndine nzika. Koleji inkatsegulidwa patatha masabata asanu ndi limodzi. Ndikapanda kubweretsa, malowo apatsidwa kwa wina.

Abale, muyenera kukumbukira nyengo yake. Chinali chaka chimene nkhondo ya kutsidya inakula, anthu akuwoloka ndi mitolo pamutu, ena n'kukalembetsa kumsasa wa othawa nkhondo, ena n'kungolowa m'nyumba za abale awo. M'komboni mwathu makomo ambiri anali ndi mlendo amene sankatuluka masana. Ndiye taganizani mwana wa sukulu ya ku Zomba akulandira kalata ya chidindo, mawa lake akuoneka akulowa muofesi ya boma ya pachipata cha malire atavala malaya oyera. Sabata isanathe nkhani zinali ziwiri. Ena ankati ndinalankhula zandale kukoleji ndipo andichotsa. Ena ankati boma landituma kuti ndilembe mayina a obisala. Ndikafika pampopi, azimayi ankasiya nkhani n'kuyamba kukamba za mvula. Lamlungu kutchalitchi ndinakhala pabenchi ndekha, chonsecho kumbuyo anthu anali atapanikizana. Sindikuwanena. Inenso ndikanakhala iwo ndikanachita mantha omwewo.

Amayi nditawafotokozera, anayang'ana dengu lawo.

"Unalemberanji zimenezo?" anandifunsa.

"Anati kunama ndi mlandu, amayi."

"Nanga ahedi aja ankanama? Si Mulanje anakulera?"

Anandiuza kuti pa zonse zimene ndikayankhule kuofesiko, dzina lawo ndisalitchule kuposa pamene andifunsa, chifukwa iwo alibe pepala lililonse. Anabwera kuno ndi ukwati basi.

Kuofesi ya pachipata ndinapitako katatu. Bwana amene ndinkamupeza anali waulemu, ankandipatsa mpando. Ulendo woyamba anati ndibweretse umboni. Ndinachita manyazi kufunsa kuti umboni wake wotani, poopa kuti aona ngati ndikuwavuta, ndiye ndinangoti zikomo n'kutuluka. Ulendo wachiwiri ndinanyamula masetifiketi onse a sukulu, khadi la chipani la chaka chimenecho ndi a zaka zam'mbuyo, ndi khadi langa la ubatizo. Anaziyang'ana zonse n'kunena kuti zikusonyeza kuti ndakhala kuno, koma sizikusonyeza kuti ndine wa kuno. Anafunsa kumene amayi anabadwira. Ndinayankha, iye n'kulemba. Ulendo wachitatu ndinapita wopanda chatsopano, kungoti mwina andimvera chisoni. Anandiuza mofatsa kuti ngati palibe umboni, njira yotsala ndi yokalembetsa kumsasa monga anzanga ochokera kutsidya.

Pamenepo ndinataya mtima. M'mutu mwanga nkhani inali itatha: ndinabadwira kutsidya, amayi ndi a kutsidya, ndipo mwana ndi wa mayi ake. Ndinayamba kukayikira aliyense. Ndinkaganiza kuti mwina kalaliki wa esiteti anawonjezera mawu ake kwinakwake. Ndinkaganiza za anzanga a kukoleji amene mayina awo sanatuluke, kuti mwina wina akudikira malo anga. Ngakhale mkulu wa mpingo atabwera kudzandiona, ndinkayeza funso lake lililonse ndisanayankhe, ndipo atapita ndinabwereza m'mutu zonse zimene ndinanena kuti ndione ngati ndalakwitsa pena. Mapemphero anga nawo anali okhota. Ndinkapempha Mulungu kuti fomu ija isowe, kapena chiswe chiidye. Chakudya chinkandikanika. Ndinayamba kutsagana ndi amayi kumunda wa tiyi kukawathandiza kudzaza dengu, ndikudziuza kuti ndizolowere, pakuti mwina ntchito yanga ndi yomweyi.

Tsiku lina m'mawa, kapitawo asanaimbe wezulo, ndinagwada pakati pa mizere ya tiyi, mame akundinyowetsa mawondo. Ndinapemphera mosiyana ndi masiku onse. Ndinati, Ambuye, ndinalemba zoona pofuna kukukondweretsani, koma ngati munali kudzikuza m'menemo mundikhululukire. Sindikupemphanso kuti pepala lisowe. Ndionetseni munthu mmodzi yekha wodziwa njira, chifukwa ine ndaima. Sindinamve liwu lililonse. Wezulo inalira, ndinadzuka n'kuyamba kuthyola.

Patapita masiku awiri amayi anandituma ku Muloza kukagula mchere ndi palafini. Envulopu ya mapepala anga aja ndinainyamulabe, chifukwa ndinkaopa kuisiya m'nyumba. Pakhonde la sitolo ina pafupi ndi chipata pankakhala bambo wina wachikulire, dzina lake a Mulipa, amene ankalembera anthu makalata pa makina otayipira. Kale anali womasulira kukhoti. Anthu onse a kwathu ankati ndi kazitape. Umboni wawo unali wakuti apolisi akamadutsa amawapatsa moni, amawerenga nyuzipepala ya Chingerezi, ndiponso amadziwa za aliyense. Ankalembetsa kwa iwo ndi anthu ochokera kutali okha. Ine maulendo onse atatu aja ndinkawoloka msewu ndikafika pamenepo. Tsiku limenelo ndinaiwala.

"Iwe wa ku Zomba, tabwera kuno," anatero osakweza mutu.

Ndinadzifunsa kuti za Zomba akuzidziwa bwanji. Kuthawa kukanaoneka ngati ndili ndi mlandu, ndiye ndinapita n'kunjuta patsogolo pawo.

"Envulopuyo wadutsa nayo pano katatu, lero kachinayi. Yayamba kuoneka ngati yokulungira fodya. Muli chiyani?"

Ndinayankha mwatheka. Ankafunsa, ine n'kupereka mawu awiri kapena atatu, maso ali pansi. Kalata ija ndinawapatsa chifukwa anatambasula dzanja ndipo sindinadziwe kakanidwe kake. Atawerenga anafunsa kumene bambo anga anabadwira. Ndinati ku Chinakanaka, koma zimenezo zilibe ntchito, poti ine ndine wa kwa amayi. Anavula magalasi n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Loya wa mawa ameneyu. Kodi lamulo lakelo unaliwerenga, kapena unafunsa azimayi a pampopi?"

Ndinavomera kuti sindinaliwerenge. Zamalamulo ndinali ndisanayambe n'komwe, ndipo sindinaganizepo kuti munthu wamba angalitenge lamulo n'kuliwerenga yekha. Anatsegula kabokosi kamene ankakhalira, natulutsa kabuku kopyapyala kothimbirira ndi mafuta a makina. Anatsegula tsamba lina, naika chala pa ndime ina, nati ndiwerenge mokweza. Ndinawerenga monong'ona. Anati ndibwereze. Ndimeyo inkanena kuti mwana wobadwira kunja kwa dziko ndi nzika ngati bambo ake ali nzika yobadwira m'dziko muno. Anandifotokozera kuti mwambo uli ndi kawerengedwe kake, boma lilinso ndi kake, ndipo ine ndinayankha funso la boma ndi yankho la kumudzi. Zofunika zinali ziwiri: pepala losonyeza kuti bambo anabadwira kuno, ndi mbale wawo woti akalumbire pamaso pa majisitireti kuti ine ndine mwana wawo.

Mukuganiza kuti ndinalumpha ndi chimwemwe? Ayi, abale. Ndinabwerera kunyumba ndikudzifunsa kuti munthu ameneyu akufuna chiyani kwa ine. Amayi atamva anagwira pakamwa. Anati amene a Mulipa amuitana ndi dzina, mwezi sutha asanatengedwe. Nditawafunsa kuti anatengedwapo ndani, anati sakudziwa, koma anthu amanena. Ndinakumbukira pemphero langa lija, koma ndinauza Mulungu kuti sindikukhulupirira kuti munthu amene ndinapempha uja angakhale ameneyu. Komabe masabata anali atatsala atatu, ndipo njira ina panalibe. Ndinatsimikiza kuti a Mulipa ndiziwauza za bambo zokha, poti omwalira satengedwa.

Ndinabwereka njinga kupita ku Chinakanaka. Mbale wa bambo amene anatsala anali mlongo wawo wamkulu, azakhali a Esinati. Ndinawapeza akusenda nandolo pabwalo. Ndinapereka moni wa Chilomwe, moseliwa, iwo n'kuyankha akundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. Anandizindikira, koma mphasa inachedwa kutuluka. Nditangotulutsa envulopu, nkhope yawo inasintha. Anati munda umene a Petulo ankalima asanapite kuesiteti unali wa mayi awo, ndipo tsopano uli ndi ana awo aakazi monga mwambo ukunenera. Anati akudziwa za ana a amuna amene amati akaphunzira amabwera ndi mapepala, ndipo anatchula mayi wina wa m'mudzimo amene anadinda chala pa pepala losadziwa n'kupezeka wapereka dimba. Ndinalumbira kuti sindikufuna ngakhale mzere umodzi.

"Onse amayamba choncho," anatero. "Chala changa sichilowa mu inki."

Ndinatsanzika misozi ili pafupi. Anandiperekeza mpaka pa mtengo wa mango wa panjira, ndipo pamene ndinkakwera njinga analankhula akuyang'ana kumbali. Anati iwo ndi a Petulo anabatizidwa kumishoni ali makanda, ndipo ansembe a nthawi imeneyo ankalemba zonse m'buku. Anati ndisanene kuti andiuza ndi iwo. Ine sindinkadziwa n'komwe kuti bambo anabatizidwa kumeneko, poti atakwatira analowa mpingo wa amayi.

Kumishoni ndinapeza katekisiti amene anandifunsa kawiri ngati ndatumidwa ndi wina. Ndinamuonetsa kalata ya kukoleji, ndipo anandilola kukhala m'kachipinda kosungiramo mabuku, iye ataima pakhomo. Mabukuwo anali akuluakulu, m'mphepete modyeka ndi chiswe, olembedwa m'chilankhulo cha ansembe akale chimene sindinkachidziwa. Chaka chimene bambo anabadwa sindinkachidziwanso. Ndinangoyamba tsamba loyamba, kutsata mayina ndi chala. Tsiku loyamba linatha osapeza kanthu. Tsiku lachiwiri dzuwa litapendeka ndinapeza dzina la azakhali, ndipo patsogolo pake masamba angapo, dzina la bambo, la agogo onse awiri, ndi mudzi wawo wa ku Chinakanaka. Katekisiti anandimasulira kuti mwanayo anabatizidwa ali ndi masabata awiri. Ndinagwira tsambalo ndi manja onse awiri. Kunali koyamba kuona dzina la bambo anga litalembedwa pena posakhala pakhadi la ntchito. Bambo mfumu anakopera zonse pa pepala n'kudindapo.

Chinatsala ndi lumbiro. A Mulipa anatayipa mawu ake, ataika pepala la kaboni pakati. Atamaliza anandipatsa lapamwamba, lapansi n'kuponya m'kabokosi kawo. Maso anga anatsatira pepalalo mpaka chivundikiro chinatsekedwa, koma kufunsa ndinalephera. Anati kwa majisitireti tipite Lachinayi, ndipo iwo apita nawo. Ndinapalasanso njinga kwa azakhali. Anakananso, ndipo ulendo uno mphasa sinatuluke n'komwe. Ndinangowauza tsiku ndi malo, n'kuwonjezera kuti akapanda kubwera sindidzawasungira chakukhosi. Koleji inali itatsala masiku asanu ndi anayi kuti itsegulidwe.

Lachinayi tinakwera basi ya m'mawa kupita kuboma. Ndinakhala mpando umodzi ndi a Mulipa, ndikuona anthu a kwathu akutiyang'ana n'kumanong'onezana. Tinadikira pakhonde la khoti kuyambira m'mawa. Ine ndinkangoyang'ana kumsewu. Iwo ankawerenga nyuzipepala yawo ngati palibe chikuchitika. Dzuwa litatsala pang'ono kufika pamutu, ndinaona ambulera yakuda ikubwera pang'onopang'ono. Anali azakhali, fumbi lili mpaka m'mawondo. Ndisanatsegule pakamwa anandiuza kuti abwera kuchipatala kudzaonetsa bondo, ndipo angopatuka.

Majisitireti sanali wa chigawo chathu chino. Azakhali anati Chichewa cha m'maofesi sachikhulupirira, alankhula Chilomwe, ndipo a Mulipa analoledwa kumasulira. Azakhali atalumbiritsidwa, majisitireti analoza ine n'kufunsa ngati mnyamatayu ndi wa m'banja lawo.

"Ayi," anatero azakhali. "Si wathu. Kwawo ndi kutsidya."

A Mulipa anamasulira mawuwo monga momwe analili, osachotsa kapena kuwonjezera. Majisitireti anaika cholembera pansi. Mumtima ndinati, si izi, msampha uja ndi umenewu, andibweretsa kuno kuti mbale wanga yemwe andikane pamaso pa boma. Koma a Mulipa anapempha chilolezo choti afotokoze. Anati kwa anthu a kuno, mwana wa mchimwene wako sawerengedwa wa mbumba yako, ndipo mayiyu wayankha zoona monga mwa mwambo wake. Anapempha kuti bwana afunse amene anabala mnyamatayu. Majisitireti anafunsa.

Azakhali anayang'ana majisitireti ngati munthu wofunsa zopanda pake. Anati amene anabala mnyamatayu ndi Petulo, mlongo wawo, amene iwo anamubereka kumsana pamene mayi awo ankalima. Anati ukwati wa Petulo anaperekeza ndi iwo, ndipo mwanayu atabwera kuchokera kutsidya, iwo ndi amene anapita kukomboni ndi nkhuku kukamuona.

"Ngati simukukhulupirira, taonani makutuwo. Makutu otambalala chonchi kumudzi kwathu konse anali nawo ndi Petulo yekha."

Majisitireti anabisa kumwetulira ndi dzanja. Atabweretsa inki, azakhali anabweza mkono. Analamula a Mulipa kuti awerenge pepala lonse m'Chilomwe kuyambira pamwamba, ndipo atamaliza anafunsa ngati mawu akuti munda alimo pena paliponse. Atauzidwa kuti mulibe, anafunsanso majisitireti yemweyo, ndipo naye anati mulibe. Pamenepo anadinda. Titatuluka anapukuta chalacho pa udzu nthawi yaitali, nandiuza kuti chala adinda koma za munda zikhale momwe ananenera. Kuchipatala sanapiteko. Ndinawaona akulowera njira yakwawo.

Bwana wa pachipata atalandira mapepala awiriwo anati izi ndi zimene ankafuna kuyambira tsiku loyamba, ndipo anadabwa kuti sindinafunse. Anawatumiza ku Blantyre, ndipo yankho linatenga sabata ndi masiku. Ndinafika ku Zomba koleji itatsegulidwa kale masiku awiri. Ndinalowa muofesi ya kalembera, ndipo mayi amene ndinamupeza anatsegula kabati n'kutulutsa mndandanda. Dzina langa linali lisanafufutidwe. Ndinatuluka n'kukakhala pansi pa mtengo, ndipo kwa nthawi yaitali sindinathe kunena china koma zikomo Yesu.

Zaka zinayi za zamalamulo sizinali zophweka. Anzanga ambiri anachokera m'masukulu a m'tauni, Chingerezi chawo chinkangoyenderera. Pa milandu yoyeserera, pamene wophunzira amaima ngati ali m'khoti, mawu ankandithawa. Koma pa ntchito yofufuza ndime m'mabuku sindinkatopa, ndipo titafika pa malamulo a unzika ndi a olowa m'dziko, amene anzanga ankati ndi ogonetsa tulo, ine ndinkawerenga ngati kalata yochokera kumudzi. Ndinamaliza chaka chatha. Tsopano ndikugwira ntchito ku Blantyre pansi pa loya wamkulu, monga zimafunikira kwa woyamba kumene. Anzanga amalimbirana milandu ya makampani. Ine abwana amandipatsa mafayilo a zilolezo zokhalira m'dziko, a maukwati a anthu a mbali ziwiri za malire, ndi a ana obadwira kutsidya. Amati poti ndimamva Chilomwe. Anthu amenewa akalowa amakhala kumapeto kwa mpando, amayankha mwatheka, ndipo amayang'ana cholembera changa ndi mantha. Sindiwafulumizitsa.

Za a Mulipa ndiyenera kuulula tchimo langa. Pa tchuthi choyamba ndinawapititsira tambala. Anamukweza m'manja n'kunena kuti ndi wowonda ngati mwini wake, koma analandira. Ndinalimba mtima n'kufunsa za pepala la kaboni lija. Anati amasunga chifukwa mapepala amatayika, ndipo munthu akabweranso akulira amakhala ndi poyambira. Ndinavomera ndi pakamwa, koma mumtima ndinakhulupirira theka. Ndili chaka chachitatu ndinapeza pakhonde paja pali wosoka nsapato. Ena anati a Mulipa anapita kwawo, ena ananena zina zimene sindilemba. Ngati zimene anthu ankawanenera zinali zoona kapena ayi, mpaka lero sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti palibe munthu wa m'komboni mwathu amene anavutika chifukwa cha nkhani yanga, ndipo munthu amene ndinkamuwolokera msewu ndi amene anandiwerengetsa lamulo koyamba. Ndinadya chithandizo chake ndikumukayikira. Ndapempha Mulungu kuti andikhululukire, ndipo ngati pepalali lingawapeze kumene ali, nawonso andikhululukire.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la munthu wamantha. Ndikuthokoza amayi, amene dengu lawo linandiphunzitsa. Ndikuthokoza azakhali a Esinati, amene anayenda mtunda wonse uja ndi bondo lowawa kudzachita chinthu chimene ankachiopa kuposa china chilichonse. Ndikuthokozanso inu a mpingo, pakuti ndinamva pambuyo pake kuti amayi ena a chigwirizano ankandipempherera Lachinayi lililonse, ngakhale kundipatsa moni pagulu ankaopa.

Inu amene muli m'mayesero lero, musaleke kupemphera, ndipo mukapempha munthu musamuuze Mulungu nkhope yoti atumize. Inu achinyamata a kumalire kuno, funsani makolo anu akadali moyo kumene anabadwira ndi kumene anabatizidwira, mulembe, musunge. Mukalowa muofesi n'kusamva chimene akufuna, funsani, si mwano. Ndipo ngati muli ndi pepala limene likukusowetsani mtendere, ndimabwera kunyumba Loweruka lomaliza la mwezi. Mudzandipeze kuseri kwa tchalitchi tikatuluka Lamlungu, tidzawerenge limodzi. Sindidzalemba dzina la munthu aliyense. Ambuye akusungeni nonse. Amen.